Sitepe Yofika M'bondo

Tchalitchi chathu choyamba chinali cha mitengo yophomedwa ndi dothi, ndipo chinatha monga zimathera nyumba zonse zotero. Chiswe chinadya pansi, mvula inadya m'mbali, ndipo m'mawa wina wa dzinja tinapeza denga litakhala pansi. Palibe anadabwa. Ine nthawiyo ndinali mtsikana wotha msinkhu, nkhondo ya azungu ija isanayambe, ndipo mudzi wathu unali cham'kati ndithu ukapatuka pa msewu wopita ku Madzimoyo. Tauni imene inu mukuitcha Chipata ife tinkangoti ku Boma, ofuna kuoneka oyenda ndiwo ankati ku Jemusoni.

Pa tchalitchicho pankapemphera midzi itatu: wathu, wa kutsidya kwa dambo, ndi wa kuphiri. Tinali abale m'chikhristu, koma ubale wake unali woyang'anana ndi diso la nkhwezule. Mudzi wina ukabwera ndi nkhuku pa chopereka, wina unkabwera ndi mbuzi, osati chifukwa chokonda Mulungu kwambiri ayi. Bambo mfumu, mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, ankatiyendera pa njinga kuchokera ku mishoni mwa apo ndi apo, mwina tikakolola, mwina mvula ikayandikira. Masabata ena onse mphunzitsi ndiye ankatsogolera mapemphero.

Atadzaona denga lili pansi, bambo mfumu anati timange cha njerwa zootcha, ndipo maziko tikweze kuti madzi ndi chiswe zisafikeko. Ananena zokhazo, n'kukwera njinga yawo. Kuti tikweze mpaka pati sananene, pamene amuna a kwathu ukawauza kuti kwezani uyenera kukhala pomwepo kuti uwauzenso kuti basi. Anakweza mpaka m'chiuno mwa munthu wamtali, anathiramo dothi n'kulitsindira, makoma n'kuyambira pamenepo. Tchalitchi chinakhala m'mwamba ngati nkhokwe.

Ntchitoyo inadya chilimwe chonse n'kulowa china. Amuna ankaumba njerwa ndi kuziotcha, ife akazi tinkasenza. Amayi anga nkhata sinkachoka pamutu pawo: m'mawa madzi opondera dothi kuchokera kudambo, masana njerwa kuchokera pa uvuni, madzulo udzu wofolera. Anali munthu wamfupi, wa miyendo yolimba, wosakonda kulankhula ali pa ntchito. Akazi anzawo akayamba kudandaula za khosi ndi msana, iwo ankangosuntha nkhata pang'ono n'kupitirira.

Makoma atatha, denga litafoleredwa, m'pamene anthu anaona kuti khomo lili m'mwamba, munthu sangalowe popanda pokwerera. Amuna anakhala pansi kukambirana za masitepe. Akadafunsa nkhalamba iliyonse, ikadawauza kuti aike ang'onoang'ono ambiri, oti phazi lizingopita osadziwa n'komwe kuti lakwera. Koma iwo nkhani yawo sinali ya phazi. Nkhani yawo inali yakuti sitepe iti ndi ya yani. Midzi itatu, masitepe atatu. Akakhala anayi, inayo ikhala ya mudzi uti? Wina anati bwanji mudzi uliwonse umange awiri, koma njerwa zinali zitatsala pang'ono, ndipo palibe ankafuna kumvanso liwu loti uvuni. Anagwirizana pa atatu, naomba m'manja ngati athetsa mlandu waukulu.

A kutsidya anamanga yapansi, inafika pakati pa msongolo. A kuphiri sanafune kuoneka osowa njerwa, anaonjezera mzere umodzi pa yawo. Zotsala zonse mpaka pakhomo zinagwera mudzi wathu, ndipo mudzi wathu unapereka ntchitoyo kwa atate anga, poti anagwirako ntchito yoperekera njerwa kwa amisiri ku Boma.

Atate anali mkamwini, kwawo kunali cha ku Mwami. Moyo wa mkamwini kwathu mukuudziwa: munda ndi wa kuchikazi, nyumba ili pa malo a kuchikazi, ana ndi a malume wawo. Munthu ankalima, kufolera, kusema mipini, koma choti n'kuloza kuti ichi n'changa panalibe. Ndiye atapatsidwa sitepe imeneyo, atate anaigwira ngati apatsidwa ufumu. Anakana owathandiza. Njerwa ankasankha imodziimodzi, kuigogoda ndi chala kuti amve ngati ikulira bwino, yosapsa ankaiponyera kumbali. Amayi ankawabweretsera madzi n'kukhala chapatali kumawayang'ana. Itatha, inali yotakata bwino ngati kakhonde, yosalala, yowongoka, ndipo ine nditaima pa ya a kuphiri inandifika m'bondo. Atate anaimirira pamwamba pake manja ali m'chiuno. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anangotsokomola n'kunena chapansipansi kuti mkamwini asamakule mwendo.

Chaka chotsatira atate anapita ku Walale, kumwera kuja kwa mafamu a azungu, kukafuna ya msonkho ndi bulangete. Poyamba tinkamva kwa obwerako kuti ali pa famu ina ya fodya. Kenaka tinamva kuti anachokapo. Kenaka sitinamvenso kanthu. Anatchona, monga anatchonera amuna ambiri a nthawi imeneyo, ndipo amayi sanawatchulenso pakamwa pawo, ngakhale kamodzi.

Masitepewo anativutitsa kuyambira tsiku lotsegulira lenilenilo, koma palibe akadanena, poti ukanyoza sitepe wanyoza mudzi. Anyamata ankangolumpha. Ife akazi, nsalu zomanga zolimba, tinkakwera chammbali ngati nkhanu, dzanja limodzi litagwira nsalu kuti miyendo isaonekere kwa amuna oima pansi. Ana ankakwezedwa ndi mkono umodzi ngati nkhuku. Nkhalamba zinayesa kwa kanthawi, kenaka zinayamba kutsalira pansi pa mkuyu umene unali pafupi ndi khomo, n'kumamva mapemphero kuchokera pamenepo. Chaka ndi chaka gulu la pamkuyu linkakula. Mphunzitsi anazolowera kukweza mawu kuti a panja amveko, ndipo tonse tinaona ngati ndi mmene tchalitchi chimakhalira.

Ine ndinakwatiwa nkhondo ili m'kati, mwamuna wanga anabwera kudzakhala kwathu. Anali munthu wofatsa, wofatsa mpaka nthawi zina kukutopetsa. Pamene ndinali ndi pakati poyamba m'pamene ndinawadziwa masitepewo bwinobwino. Ndinkafika pa yapamwambayo n'kuima, kupuma, kugwira chitseko, n'kudzikoka, mimba ikukanikiza bondo. Tsiku lina ndili choncho ndinakumbukira masitepe a pa sitolo ya mmwenye ku Boma, kumene tinkakagulitsa mtedza. Amenewo anali a njerwa ziwiri zogoneka, basi. Unkakwera uli ndi dengu pamutu, mwana kumsana, maso ali kwina. Mmwenye ankafuna kuti aliyense alowe, ngakhale wa ndodo. Ife amene tinkaimba kuti bwerani nonse ndife tinamanga mpanda pakhomo.

Nyamakazi inawagwira amayi pang'onopang'ono. Inayambira bondo lakumanja, n'kusamukira lakumanzere, kenaka inakhazikika monse muwiri. Mawondo anatupa, n'kumathetheka akamaimirira. Kumunda ankapitabe, kupalira atakhala pansi. Kutchalitchi tinkanyamuka anthu ena asanasambe n'komwe, chifukwa ulendo umene kale unali wongothamangira tsopano unali wopuma pa chulu chilichonse. Ine mwana kumsana, iwo ndodo kudzanja limodzi, dzanja lina pa phewa langa. Sitepe yapansi ankakwera ndi mano olumana. Yapakati ankakwera ine ndikukankha kumbuyo. Yapamwamba tinalimbana nayo chaka chathunthu, mpaka Lamulungu lina ndinawakoka mkono, iwo anakuwa ngati ndawabaya, anthu onse m'kati anatembenuka. Anabweza phazi lawo pansi pang'onopang'ono, anatsika, n'kukakhala pamkuyu. Kuyambira tsiku limenelo amayi anali a panja.

Anyamata a m'mudzi anadzipereka kuti aziwanyamula. Amayi anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ana inu, munaonapo munthu wamoyo akulowa m'tchalitchi atanyamulidwa? Dikirani, tsiku lake lidzafika, mudzandinyamula. Lero ayi."

Mwamuna wanga akadatha kuwakweza ndi dzanja limodzi, koma mkamwini agwira bwanji apongozi ake? Ngakhale kukumana panjira ankapatukirana, wina kulowa m'tchire. Ndiye mphamvu zake zonsezo zinali za chabe pa nkhani imeneyi.

Bambo mfumu atabwera, anawapatsira Ukaristia pamkuyu pomwepo pamodzi ndi nkhalamba zina, Misa itatha. Ena onse anakondwa. Amayi analandira mwaulemu, koma pobwerera anaima titafika pa dambo. Pamenepo anakhala pa mwala n'kunena, maso ali kumadzi:

"Njerwa ndinasenza ndine. Lero ndizilandirira panja ngati mlendo wopempha madzi?"

Sanalire. Amayi sankalira. Koma ine mawu amenewo anandilowa, ndipo kuyambira pamenepo ndinalibe mtendere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wa m'mimba ndinali ine.

Ndinayambira kwa mphunzitsi. Anandimvetsera bwino, mutu uli chopendekera, n'kundiuza kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu a mpingo. Akuluakulu a mpingo anati ndi ya midzi. Midzi inati tidikire bambo mfumu. Bambo mfumu anati iwo sakuona chovuta, anthu agwirizane okha akonze, n'kukwera njinga yawo. Mkazi sankaimirira kulankhula pa msonkhano wa amuna, ndiye mawu anga ankayenera kudzera mwa amalume, ndipo mawu akadzera mwa amalume ankafika atawonda. Ine ndinkawauza kunyumba kuti masitepe onse aphwasulidwe, amangidwe aafupi. Iwo ankakanena kuti pali kadandaulo kakang'ono kochokera kwa azimayi.

Kunena zoti aphwasule inali ngati ndatukwana manda. A kutsidya anati yawo ilibe vuto, ndi yaifupi kale, bwanji ivutikire zolakwa za ena. A kuphiri anati amene anamanga yawo ena anamwalira, ndipo kuiphwanya n'kuwanyoza. Ndinati chabwino, musaphwanye kanthu, tingoika njerwa zingapo pamwamba pa ya a kuphiri, kumbali, kuti phazi lipondepo popita pa yathu. Mkulu wina wa kuphiri anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, njerwa za kwanu zikhale pamutu pa njerwa za kwathu? Mawa mudzati mudzi wathu uli pansi pa mudzi wanu."

Misonkhano yotere inkachitika mapemphero akatha, dzuwa lili paliwombo, ine nditakhala kumbali ndi mwana wolira njala, amayi ali pamkuyu kundidikira. Ndinatopa nayo misonkhano imeneyo kuposa mmene ndinkatopera ndi khasu. Khasu ukaligwira tsiku lonse umaona pamene walima.

Chilimwe china ndinalephera kupirira. Ndinamukoka mwamuna wanga, tinatuta dothi la pachulu ndi madengu, n'kuliunjika kumbali kwa masitepe kuti pakhale potsetsereka pokwera popanda kunyamula bondo. Tinalitsindira ndi misi. Lamulungu lake anthu atafika anaima n'kumayang'ana ngati aona njoka. A kutsidya anati tawakwirira amoyo, popeza dothi linaphimba ngodya ya sitepe yawo. Amayi sanafune kupondapo mlandu uli m'kamwa mwa anthu. Tisanathe n'kukambirana komwe, mvula yoyamba inagwa, madzi a padenga anatsikira pomwepo, dothi lonse linapita kudambo kumene kunali kwawo. Amalume analipira nkhuku kwa a kutsidya, ndipo nkhukuyo anandikumbutsa mpaka imfa yawo.

Zaka zinapita choncho. Nkhondo inatha, asilikali ena anabwerako ndi majasi ndi nkhani zosatha. Ine ndinabereka wachiwiri, wachitatu. Lamulungu lililonse ulendo womwewo: kudzuka, kuwathandiza amayi kuimirira, kupuma pa chulu, kupuma pa dambo, kuwakhazika pamkuyu, ine kukwera ndi ana, kutuluka, kuwadzutsa, kubwerera. Sindikubisirani, masiku ena ndinkalakalaka atanena kuti lero sindipita. Sananenepo.

Chimene chinasintha zinthu si nzeru za munthu ayi. Mkulu wa kuphiri uja, woseka mpaka kutsokomola uja, nayenso mwendo unamukana, n'kudzapezeka pamkuyu. Atakhalapo miyezi ingapo akudyedwa ndi nyerere, mtima wake unafewa pang'ono, koma pang'ono pokha. Pa msonkhano wotsatira anati njerwa zachilendo pa sitepe yawo ayi ndithu, koma mudzi uliwonse uli ndi ufulu wochita chimene ukufuna ndi sitepe yakeyake. Yathu inali yotakata. Tikagumula mbali imodzi, kuchotsa njerwa zakutsogolo mpaka theka, pakanatuluka kasitepe kakang'ono m'kati mwa yathu yomwe, popanda kukhudza ya munthu. Amalume anavomera msanga kuposa mmene anavomererapo chilichonse.

"Gumulani," anatero. "Za mtchona tizisungiranji?"

Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo miyendo ili yopepuka. Mwamuna wanga anakabwereka nyundo. Bambo mfumu ankayembekezeka Lamulungu lotsatira, ndipo tinapangana kuti Loweruka ntchito ikhale itatha. Amayi sindinawauze pamsonkhano, ndinkafuna ndiwauze ndekha. Ndinawapeza madzulo pakhonde akusenda mtedza, ndinakhala pansi pambali pawo.

"Amayi, zatheka. Lamulungu mulowa."

"Avomera a kuphiri?"

"Sitikhudza yawo. Tigumula yathu yomwe, mbali imodzi. Amalume avomera."

Manja awo anaima. Mtedza umene anali atauswa anaugwira choncho osautaya m'lichero.

"Mugumula iti?"

"Yapamwamba. Ndiyo ikukuvutani, si choncho?"

"Imeneyo musaikhudze."

Ndinaganiza kuti sanamve bwino. Ndinafotokozanso, kuonetsa ndi manja, kuti si yonse ayi, njerwa zochepa chabe, kumbali kwa akazi. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, mwanawe. Ndati musaikhudze."

Pamenepo mtima wanga unaphulika. Ndinawauza zaka zimene ndinatha ndikupsa ndi dzuwa pa misonkhano. Ndinawauza za dothi lija, za nkhuku ija, za phewa langa limene linapendekeka chifukwa cha kuyedzamira kwawo. Ndinawafunsa kuti kodi munthu amene anatisiya osatumiza ngakhale kansalu, amene mwina ali ndi mkazi wina ndi ana ena ku Walale, ndiye atitsekere khomo mpaka liti? Ndinalankhula mokweza, mwamuna wanga anatuluka m'nyumba n'kulowera kumunda ngati waitanidwa.

Amayi anadikira kuti mpweya undithere.

"Munda uja amalume ako anaupereka kwa mwamuna wako," anatero. "Nyumba imene anamanga inagwa. Mipini yake inathyoka. Iwe ndiwe wa amalume ako. M'mudzi muno, ukati uloze kuti munthu uja anakhalapo, uloza chiyani?"

Mawu amenewo anangondikwiyitsa kwambiri.

"Ndikakhala pamkuyu paja ndimaiona," anapitiriza. "Mvula zonsezi, ya a kutsidya inang'ambika, ya a kuphiri inadyeka m'mphepete. Yake ili chomwecho. Sindikuti anachita bwino kuitalikitsa. Anali wopusa tsiku limenelo, ndinamuona ndi maso anga. Koma ndi yake."

"Ndiye muzikhala panja mpaka kufa?"

"Kabweze nyundo ya eni ake."

Anayambanso kusenda mtedza. Ine ndinakhala pomwepo, kutopa konse kwa zaka zonsezo kutandigwera nthawi imodzi, moti ngakhale kuimirira kukasonkha moto ndinaona ngati ntchito yaikulu. Nyundo inabwezedwa. Amalume atamva anapukusa mutu n'kunena kuti nkhani za akazi sadzazilowanso, ngati kuti anazilowapo. Mkulu wa kuphiri uja anakhumudwa kuposa tonse, poti ankayembekeza kupondapo nayenso.

Lamulungu la bambo mfumu linafika. Kunali kozizira, mphepo ya mwezi wokolola. Tinayenda ulendo wathu wa masiku onse. Anthu anali ambiri, a midzi yonse itatu, ena atalowa kale, ena ataima pabwalo. Ndinawatsogolera amayi kumkuyu, koma dzanja lawo linandikanikiza paphewa kundiwongolera kukhomo.

Yapansi anakwera ndi mano olumana. Yapakati ndinawakankha. Anaima pamenepo akupuma, sitepe ya atate ili patsogolo pawo. Ndinati tsopano atembenuka, aona okha. Iwo anandipatsa ndodo.

"Gwira."

Aliyense ankadziwa kuti njira ina yokwerera pamenepo ilipo. Ana aang'ono ankaidziwa. Koma panalibe nkhalamba inaiyesapo, pakhomo la tchalitchi, pamaso pa akamwini ndi adzukulu. Amayi anamanga nsalu yawo molimba, anawerama, anaika zikhatho zonse ziwiri pa njerwa. Anagoneka chifuwa. Kenaka anayamba kukoka bondo lakumanja, lotupa lija, kulikweza pang'onopang'ono mpaka linagwira m'mphepete. Linaterereka. Analikwezanso. Ndinamva mpweya wawo ukulira m'mphuno. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, iwo anangoti, "Usandigwire," osatembenuka n'komwe.

Mwamuna wanga anatembenuka kuyang'ana kumkuyu, amuna ena onse anachita chimodzimodzi, wina kuyang'ana kuphiri, wina pansi. Akazi anaphimba pakamwa. Ine ndinaima ndi ndodo m'manja, mwana kumsana, nkhope ikuyaka ndi manyazi. Ndinawakwiyira amayi, ndinawakwiyira atate kulikonse kumene anali, ndinaikwiyira midzi yonse itatu, ndipo m'kati mwa mkwiyowo ndinkawakankha ndi mtima kuti kwerani, amayi, kwerani.

Bondo lachiwiri linatenga nthawi yaitali kuposa loyamba. Litafika, anakhala chogwada pamwambapo, mutu uli pansi, akupuma. Dzanja lawo limodzi linali chigwirire njerwa. Kenaka anakweza dzanja lina osandiyang'ana.

"Ndodo yanga."

Ndinawapatsa. Anagwira ndodo, anagwira mphuthu ya chitseko, anadzikoka mpaka anaima. Anasasa fumbi pa nsalu, kutsogolo ndi m'mbali, anakonza duku. Analowa ndi mapazi awo. Akazi a m'kati anasuntha kuwapatsa malo, koma iwo anapitirira mpaka kutsogolo, pafupi ndi guwa. Nthawi yolandira itakwana, anaima pamzere pamodzi ndi ena onse. Za Misa ya tsiku limenelo sindikumbukira kanthu, ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa duku lawo. Potuluka anatsika chokhala, sitepe ndi sitepe, amuna atayang'ananso kumbali.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinawakhazika pa mphasa kuseri kwa nyumba. Mawondo onse awiri anali atasupuka, magazi atauma pamodzi ndi fumbi la njerwa, nsalu itamatirira pa bala. Ndinanyowetsa n'kumatula pang'onopang'ono. Sanabuule. Ine ndi amene misozi inkagwera m'mbale, ndipo sindinadziwe ngati ndi ya chisoni kapena ya kutopa.

"Denga la tchalitchi lija limadontha pakona ya kumanzere," anatero. "Palibe amene waona?"

"Aona, amayi."

"Abweranso liti bambo mfumu?"

Ndinafinya kansalu m'madzi. Ndinkafuna kunama, kunena kuti sindikudziwa.

"Akuti mvula ikayandikira."

Anayang'ana mawondo awo, anagwira limodzi ndi chala ngati akuyesa dzungu kumunda.

"Akhala atapola," anatero.